Mpope wanga, nsomba za adada

Chitsime cha kwa apongozi anga sichinali ngati mijigo ina. Panalibe chopopera. Anthu okumba mijigo ataboola pansi, kalekale ine ndisanakwatiwe, madzi anangotumphuka okha ndipo sanasiyenso. Okumbawo anangovundikirapo chitsulo cha milomo iwiri n'kumapita. Mlomo umodzi unalumikizidwa ku kapaipi kopita kunyumba. Winawo unali wosatseka usana ndi usiku, ndipo madzi ake ankatsata kangalande kodutsa m'nthochi mpaka kukagwera m'damu la nsomba la adada, bambo ake a mwamuna wanga.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinafika pamudzipo, kufupi ndi Bolero, patangopita zaka zochepa chiyambireni zipani zambiri. Ndinali mphunzitsi wa pulaimale, komanso mkamwana, monga amamutchulira mkazi wa mwana wawo kumeneko. Chitumbuka changa chinali cha pamsika: moni, kunenerera tomato, yewo wothokozera ndi yayi wokanira. Yayi ameneyu ndinamugwira zolimba. Ndinadzipangira lamulo langalanga loti munthu akamayankhula ndizitchera khutu kumapeto. Ndikamva yayi, ndiye kuti wakana. Ndikapanda kumumva, zonse zili bwino. Lamuloli linandithandiza miyezi yambiri, mpaka ndinayamba kudziyesa katswiri.

Adada anali mphunzitsi wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo. Anaphunzitsa zaka zambiri m'chigawo chapakati, mpaka nthawi ija aphunzitsi akumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo. Chichewa ankachidziwa kuposa ine, koma chibwerereni anachipachika ngati jekete la ntchito imene anachotsedwa. Ankachivala pokhapokha kukabwera mlendo, wapolisi kapena wogula fodya. Ine kuyambira tsiku loyamba ankandiyankhula m'Chitumbuka, Chitumbuka chakale cha ku mishoni, chosasakaniza. Ndinadandaula kwa mwamuna wanga kuti bambo akowa akufuna andizunze, koma iye anaseka.

"Usadandaule. Akakuyankhula Chichewa ndiye ulire, chifukwa ndiye kuti akuyesa mlendo. Apa akuwerengera kuti ndiwe mwana wapakhomo."

Mawu amenewa anandikhazika mtima pansi. M'mawa uliwonse ndinkawotha moto kukhitchini kudikira madzi awo osamba atenthe, n'kukawaikira kubafa. Ndikatero ndinkagwada chapatali, monga mwambo umafunira, n'kunena kuti maji nawika, adada, kutanthauza kuti madzi ndaika. Iwo osandiyang'ana ankayankha kuti, "Yewo, mama." Pa tsiku lonse mwina mawu athu ankathera pomwepo, koma ine ankandikwanira. Apongozi aakazi ndinawapeza atamwalira kale, choncho za madzi zonse zapakhomopo zinali pamutu panga.

Apa ndiye panali nkhondo. Nyumba inali chakumtunda pang'ono kwa chitsime, ndipo madzi akamafika pampope wakukhitchini amakhala atatopa. Ankatuluka ngati misozi ya munthu wolira maliro a eni. Ukatchera ndowa, umasesa bwalo lonse, kutsuka mbale, kubwerako n'kupeza ili theka. Kubafa kunali shawa imene mwamuna wanga anaika ali mnyamata, imene chiyiikireni sinadonthepo ngakhale dontho, moti akangaude anamangamo mudzi. Ndikafuna changu ndinkatsika ndi ndowa kukatunga pamlomo wosatseka uja, pomwe madzi ankakhuthuka mwamphamvu mondinyogodola, n'kukwera nayo pamutu. Chaka chimenecho ndinali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, msana ukuwawa, ndipo kusukulu ahedi anali atayamba kuyang'ana wotchi ndikamalowa pageti.

Ndine munthu wa phuma, sindibisa. Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti madzi analipo, ochuluka, aulere, koma ankathamangira nsomba ine n'kumadontherezedwa. Ndinkadzifunsa kuti pakhomo pano wamkulu ndani, ine kapena makumba a m'damumo?

Nsombazo zinali moyo wa adada. Damulo anakumba okha atangobwerako kuchigawo chapakati, pamene analibe kalasi yoti alowemo. Kenako maso awo anachita ng'ala, pang'onopang'ono, mpaka ankangoona mbuu. Komabe madzulo aliwonse ankatsika ndi ndodo, atanyamula mbale yachitsulo ya madeya. Akafika ankagogoda mbaleyo ndi mphete ya kuchala, ndipo madzi ankawira ndi nsomba. Ine ndinkangomva kugogodako ndili kukhitchini, chifukwa kudamu kunali kwa iwo, mkamwana sapondako chisawawa. Nsomba zimene zinalipo nthawi imeneyo anali asanazionepo. Ankazidziwa ndi khutu. Mwamuna wanga ankati amatha kunena kuti zakula pongomva kuphiriphitha kwake.

Ndinamuvutitsa mwamunayo mpaka anaitana pulambala wina wa pa Bolero. Munthuyo anayenda kutsata paipi kuchokera pachitsime mpaka kukhitchini, akukumba apa ndi apo. Anapeza kuti paipiyo inali yowonda kwambiri, yokhotakhota, ndipo pena inakwera pachulu m'malo mochilambalala, moti mpweya unkakhala pamwamba pamenepo n'kumatsekereza madzi. Anamasula polumikizira, mpweya unatuluka ndi kaphokoso, ndipo mpope unasintha pang'ono, koma pang'ono penipeni. Anati mankhwala enieni n'kuchotsa paipi yonseyo, kuika yaikulu, yoongoka, yodutsa m'munsi mwa chulu. Koma mapaipi oterowo anali oti akagulidwe ku Mzuzu, ndipo nthaka ya mu Okutobala inali gwa, yofunika kudikira mvula.

"Palibe njira yachidule?" ndinafunsa ine.

"Ilipo, mama. Madzi ali ngati munthu, amakonda khomo lotsegula. Mukatseka mlomo uwu, mphamvu yonse ipita kunyumba."

Anamangirira pamlomo wa kudamu chotsekera chachitsulo chokhala ndi kagudumu kofiira kozungulitsa, n'kuchisiya chotsegula. Potsazika anati, "Koma musanakhudze, mufunse eni ake." Mwamuna wanga anavomereza ndi mutu. Usiku womwewo nditamukumbutsa zokafunsa adada, anandiyankha yankho limene ndimadana nalo mpaka lero: "Tidzakambirana tikabwerako."

Kumene ankati tikabwerako kunali ku Livingstonia. Kunali kutamveka kuti kuchipatala kwabwera madokotala a maso, ndipo adada anali pa mndandanda wa ochotsedwa ng'ala. Mwamuna wanga ndiye ankawaperekeza. Masiku amenewo nkhalambayo inasanduka mwana. Anthu akabwera kudzawafunira ulendo wabwino, ena ankati mukaonanso mapiri, ena ankati mukawerenganso nokha nyimbo kutchalitchi. Iwo ankangoti choyamba akufuna adzaone nsomba zawo, aone ngati khutu silinawanamize. Dzulo lake la ulendo anamiza matumba a manyowa pakona ya damu kuti madzi abiriwire, nsomba zizidzidyera zokha, pasakhale wovutika kukazipatsa madeya.

M'mawa wa ulendowo galimoto ya matola inaima kumsewu. Mwamuna wanga anatsogola ndi zikwama kukakangana ndi dalaivala za mpando wakutsogolo. Adada anali atakhala pakhonde, chipewa pabondo. Ndinaona kuti mpata ndi womwewu. Ndinagwada chapatali n'kuyamba kufotokoza, Chitumbuka apa, Chichewa apo, manja akuthandizira ngakhale eni ake sankaona. Ndinati madzi akuvuta kunyumba, msana ukundipweteka, pulambala waika chotsekera. Kutseka m'Chitumbuka ndi kujala, liwu limenelo ndinkalidziwa. Ndinamaliza ndi funso lakuti kodi ndingajale.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako, nkhope ili kumbali monga mwa masiku onse, anati:

"Mungajalanga, mama."

Ndinadikira yayi. Sanabwere. M'khutu mwanga mwa mwana wa ku Dedza, mawuwo anamveka bwinobwino kuti mungatseke. Ndinaomba m'manja n'kunena kuti, "Yewo chomene, adada." Iwo anagwedeza mutu, akuoneka okondwa kuti mkamwana wawo ndi womvera. Galimoto isanazimiririke n'komwe pakona, ine ndinali kale pachitsime ndikuzungulitsa kagudumu kofiira mpaka kanakana kuyenda.

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phulalo ndinadyabe.

Nditabwerera kukhitchini n'kutsegula mpope, unatsokomola, unalavula dzimbiri, kenako madzi anatuluka ndi mkokomo mpaka kundinyowetsa chitenje. Ndinaseka ndekha ngati wopenga. Ndinathamangira kubafa, ndipo shawa ija inagwetsa mudzi wa akangaude n'kuyamba kugwa ngati mvula. Ndinasamba nthawi yaitali tsiku limenelo, sindikumbuka kuti ndinasambaponso chomwecho. Masiku otsatira ndinachapa makatani, mabulangete, ngakhale zinthu zoyera kale. Kusukulu ndinkafika ahedi asanafike, ndipo ndinkawapatsa moni mokweza kuti adziwe.

Za nsomba sindinganame kuti sizinandibwerere m'mutu. Zinabwera. Koma ndinadziuza kuti damu ndi damu, madzi ali momwemo, ndipo mwini wake wavomera. Sindinadziwe kuti dothi la pamenepo ndi lamchenga, limamwa madzi pansipansi, ndipo damulo linkakhala lodzaza chifukwa choti kangalande kaja sikankapuma. Sindinadziwe, komanso sindinatsike kukaona. Ndinabisala kumbuyo kwa mwambo woti mkamwana sapita kumalo kwa apongozi, pamene mwambo womwewo sunandiletse kugwira chitsime chawo. Chimene chimandiluma kwambiri n'chakuti madzi ambiri sindinawagwiritse n'komwe ntchito. Ndikapita kusukulu, ndikagona, mipope inali yotseka, madzi angoti duu m'paipi osapita kulikonse. Ndikanangotsegula kagudumu kaja pochoka, bwenzi nkhani ino kulibe.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi. Dzuwa linali loswa mtengo. Titatuluka, tili panja kupatsana moni, ndinaona kamwana kakutola khoko la mango pansi, lodzaza mchenga, n'kumalipititsa kukamwa. Agogo ake, mayi wokalamba wamsinkhu wa adada, anakuwa kuti, "Ungaryanga!" Kurya ndi kudya. Ine ndinamva kuti ungadye, ndipo ndinadabwa kuti agogo otani awa. Koma dzanja lawo linali litafika kale, anamenya kadzanja ka mwanayo, khoko n'kugwa, mwana n'kuyamba kulira.

Ndinaima chilili. Panalibe yayi. Ndinatembenukira kwa mayi wina wa m'kwaya amene ndinkazolowerana naye n'kumufunsa kuti munthu akati mungajalanga akutanthauza chiyani.

"Ndiye kuti musatseke," anatero. "Akuluakulu ndi mmene amanenera. Bwanji kodi?"

Ndinavula nsapato n'kuthamanga ndi mimba yanga, anthu akundiitana m'mbuyo. Ndinayambira pachitsime kutsegula kagudumu, madzi n'kukhuthukira m'ngalande youma imene inayamba yawamwa kaye. Kenako ndinadutsa m'nthochi, ulendo wanga woyamba kufika kudamu. Fungo linandipeza ndisanaone kanthu.

Damu linali litasanduka matope ong'aluka m'mbali. Pakati panatsala kachithaphwi kotentha, ndipo m'menemo ndi m'mbali mwake munali nsomba, mimba zili m'mwamba, ntchentche zili ng'waa. Akakowa anauluka atandiona, okhuta. Zinali nsomba zazikulu, zonenepa, zina zotalika kuposa dzanja langa. Khutu la adada silinawanamize. Ine ndinakhala woyamba kuona zimenezo, ine amene ndinalibe nazo ntchito. Ndinalowa m'matopemo ndi zovala zakutchalitchi kufufuza ngati pali yopuma. Ndinapeza zowerengeka zikutsegula kukamwa, ndinaziika m'beseni la madzi ozizira, koma pofika madzulo nazonso zinali zitatembenuka. Ndinakhala pansi m'mbali mwa damu n'kulira mokuwa. Ndinadzida tsiku limenelo, ndipo ndinachita mantha.

Nsombazo ndinazikwirira m'nthochi. Madzi anapitiriza kulowa, ndipo pofika tsiku limene a paulendo anabwerera, damu linali litadzazanso, lokongola, mitambo ikuonekera m'menemo. Munthu wongodutsa sakanadziwa kanthu.

Anafika masana. Adada anatsika m'galimoto okha, osagwiridwa dzanja, atavala magalasi akuda. Ndodo anali nayo koma ankangoigwedeza. Anaima pabwalo n'kumayang'ana denga la nyumba yawo, mtengo wa mango, nkhuku. Ankaseka. Ine ndinamukokera mwamuna wanga kuseri kwa khitchini n'kumuuza zonse mwachangu. Nkhope yake inagwa. Anati dikira ndiwauze ndine, ndiwakhazike kaye pansi amwe tiyi. Koma titatuluka, pakhonde panalibe munthu, ndipo mbale ya madeya inali itachoka pamalo pake.

Tinawapeza ataima m'mbali mwa damu, magalasi ali m'thumba la jekete, maso akuphethira ndi kuwala. Anagogoda mbale ndi mphete. Madzi anangoti zii. Anagogodanso mwamphamvu, n'kuwaza madeya dzanja limodzi. Madeyawo anayandama, n'kumafalikira pang'onopang'ono, popanda chowakhudza. Anagogoda kachitatu, mofooka, ngati munthu wogogoda pakhomo pamene wadziwa kale kuti eni ake anasamuka.

Sindinadikire mwamuna wanga. Ndinagwada pamatope n'kunena zonse, kuti ndinatseka ndine, kuti mawu awo ndinawamva mozondoka, kuti sindinatsike kudzaona. Ndinkayembekezera ukali, ndipo ndinkaufuna. Akanandikalipira, akananditchula chitsiru cha ku Dedza, bwenzi ndikupepesa, nkhani n'kutha.

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Aka kanali koyamba kuona nkhope yanga, ndipo anaiona ili ndi mamina ndi misozi. Anandiyang'ana nthawi ndithu. Kenako anayankhula, m'Chichewa chosalala, chomveka bwino, cha munthu amene anaphunzitsa ana a Achewa zaka zambiri.

"Dzukani, mayi, mungadwale. Palibe mlandu. Wolakwa ndine. Ndikanayankhula chinenero chanu."

Anapereka mbale kwa mwana wawo n'kukwera kunyumba.

Mvula itagwa, mapaipi aakulu anabwera kuchokera ku Mzuzu. Anakumba ngalande yoongoka yolambalala chulu, ndipo madzi anayamba kufika kukhitchini mwamphamvu, mlomo wa kudamu uli chitsegulire. Ngakhale shawa inkagwira. Madzi anali okwanira tonse kuyambira kalekale, vuto linali paipi, ndipo chinkafunika n'kungodikira miyezi iwiri. Kagudumu kofiira kaja mwamuna wanga anakachotsa, sindidziwa anakataya kuti. Anakagulanso tiana ta nsomba n'kuthira m'damu. Adada ankatsikako ndithu kukatipatsa madeya, tinakula, anationa ndi maso awo. Koma kugogoda mbale sindinakumvenso.

Sanandisungire chakukhosi chooneka. Mwana atabadwa anamunyamula, anamupatsa dzina, ndipo ankamuyankhula Chitumbuka kuyambira ali m'chitenje. Ine ankandifunsa za kusukulu, za kwathu ku Dedza, za mbatata za kumeneko zimene ankati amazisowa. Ankayankhula nane kwambiri kuposa kale. Zonsezo m'Chichewa. Mwamuna wanga ankati ndisaganize zambiri, akungofuna kuti ndisadzavutikenso kumva, ndi chifundo chabe. Mwina ankanena zoona. Koma ndi iye yemwe anandiuza kale amene adada amawayankhula Chichewa.

Chitumbuka ndinachiphunzira ndi ukali. Ndinkakhala ndi amayi okalamba kumaliro ndi kuzinkhoswe n'kumawafunsa liwu lililonse mpaka kuwatopetsa. Patapita zaka zingapo ndinkatha kupemphera nacho pagulu, kukalipa nacho, ngakhale kunena miyambi imene ana obadwira konko sankaidziwa. Anthu pamsika anasiya kundifunsa kuti kwanu n'kuti. Ndinkaganiza kuti tsiku lina adada adzamva ndikuyankhula pabwalo, adzaiwala, lilime lidzaterereka lokha.

Anakhala nafe zaka zambiri ndithu. M'mawa uliwonse ndinkatsegula mpope wanga wamphamvu uja, ndowa n'kudzaza ndisanapume kawiri. Shawa ankaikana, ankati munthu wamkulu sasamba choimirira pamvula. Choncho ndinkatenthetsa madzi, kukawaika kubafa, kugwada chapatali n'kunena m'Chitumbuka changa chimene tsopano chinalibe pochikonza:

"Maji nawika, adada."

Ndipo ndinkadikira, mtima uli m'mwamba, tsiku lililonse ngati loyamba.

"Zikomo kwambiri, mayi," ankatero.